Alendo abwere, koma tiyambe tadziwa amene adzakonze mjigo

Chaka chilichonse kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pomwe sukulu za ku Ulaya ndi ku America zili pa tchuthi chachitali, pabwalo la ndege la Kamuzu ndi la Chileka pamatsika magulu a alendo ovala malaya ofanana. Ena ndi ana a sukulu za sekondale, ena ndi a mipingo, ena ndi akuluakulu opuma pantchito. Amakwera minibasi n'kulunjika kumudzi, komwe amakhala masabata awiri pasukulu ya pulayimale. Amapaka penti m'makalasi, amanyamula njerwa, amasewera mpira ndi ana, ndipo tsiku lomaliza pamakhala mwambo wopereka mjigo watsopano, mafumu ali pamipando, amayi akuvina, mtsogoleri wa alendo akujiga madzi oyamba. Akangonyamuka, mkangano umabuka pa Facebook ndi m'mapulogalamu a pawailesi oimba foni. Ena amati anthuwa amangobwera kudzajambulitsa ndi ana athu, choncho aletsedwe. Ena amati wopempha sasankha, tingothokoza, popeza ife eni dziko talephera kufikitsa madzi kumeneko.

Ine ndikuti alendowa abwere, koma sukulu, mafumu ndi khonsolo asalole mjigo wa alendo kukumbidwa pasukulu iliyonse popanda mgwirizano wolembedwa wonena amene aziukonza, komwe zipangizo zizigulidwa, ndi thumba lomwe ndalama zake zizichokera kwa zaka zosachepera zisanu. Chifukwa chake n'chakuti ntchito yeniyeni ya madzi a pasukulu siichitika m'masabata awiri aja. Gawo lina limachitika miyezi ingapo alendo asanagule tikiti, gawo lina limayamba pakatha chaka atapita, kalabala kakang'ono ka m'kati mwa mjigo kakatha pansi pa nthaka. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene amatsala ndi mjigo ndi mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi mtsikana wa sitandade 6 amene azitumidwa ndi ndowa kumtsinje mjigowo ukafa.

Tiyambe ndi kukula kwa vutolo, chifukwa ambiri oyenda maulendowa amaliona mochepa. Kuchokera mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, sukulu zathu zinadzaza, ndipo sukulu ya kumudzi ya ana 1,200 si yachilendo. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati pasukulu yoyendera munthu aliyense amafunika malita 5 a madzi patsiku akumwa ndi kusamba m'manja. Ndiye kuti sukulu imeneyi ikufuna malita 6,000 tsiku lililonse. Mjigo wa mtundu wa Afridev, womwe ndi wofala m'dziko muno, ukakhala bwinobwino umatulutsa malita pafupifupi 16 pa mphindi imodzi ngati munthu akujiga mosapuma. Mukawerengera, malita 6,000 akufuna maola opitirira asanu ndi limodzi wina ali pa mkono wa mjigo osausiya. Apo sitinaonjezepo madzi ophikira phala, okolopera m'makalasi, otsukira zimbudzi, a atsikana amene ali kumwezi, a m'nyumba za aphunzitsi, ngakhalenso a midzi yozungulira yomwe mosakayika izitunga pomwepo. Mlingo womwe timayendera m'dziko muno ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250. Mjigo wa pasukulu umasenza katundu woposa pamenepo kanayi kapena kasanu, motero zipangizo zake zimatha msanga kuposa za mjigo wa m'mudzi. Amene akuganiza kuti nkhaniyi ndi yaing'ono akumbukire kolera ya mu 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023.

Tsono mjigo wabwino umayambira pati? Umayambira pa kusankha malo, ndipo malowo sasankhidwa ndi maso kapena ndi chala cha amfumu. Katswiri wa madzi apansi amayeza nthaka ndi makina oona komwe miyala ili yoswekasweka ndi yosunga madzi, kenako amayang'ana zozungulira. Zimbudzi, dzala ndi khola zikhale kutali mamita osachepera 30, komanso kumunsi kwa mjigo, osati kumtunda komwe madzi apansi amachokera, ndipo manda atalikire koposa pamenepo. Pasukulu izi n'zovuta chifukwa zimbudzi zimadzaza n'kumakumbidwa zina, choncho pafunika kugwirizana lero komwe zimbudzi za mtsogolo zisadzakumbidwe. Nyengo nayo ndi nkhani. Madzi apansi amatsika kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanayambe, pomwe alendo amabwera mu Julaye madzi akadali pamwamba. Wokumba amene akuthamangira tsiku la mwambo, makamaka ngati amalipidwa pokhapokha wapeza madzi, amaima pamadzi oyamba amene wakumana nawo. Mjigo wotere umasangalatsa mu Ogasiti, koma pofika Okutobala umangotulutsa mpweya. Dzenje likakumbidwa liyenera kukhala loongoka, mapaipi omangira dzenje alowe ndi zigawo zake zong'ambidwa moyang'anizana ndi pomwe madzi akulowera, m'mbali muthiridwe timiyala tosefa, ndipo mamita angapo a pamwamba atsekedwe ndi simenti kuti madzi akuda a pamtunda asatsetserekere m'kati. Kenako dzenje limapemereredwa ndi mpweya mpaka madzi atayera, n'kupopedwa kwa maola angapo pofuna kuona kuchuluka kwa madzi ndi momwe akutsikira. Zotsatira za kuyezaku ndi zomwe zimanena kuya komwe silinda, gawo la mjigo lokhala m'madzi lomwe limakweza madziwo, iikidwe. Palibe chimodzi mwa izi chomwe mwana wa zaka 17 wochokera ku Manchester angachite, ndipo palibe chimodzi chomwe chimaoneka pa chithunzi.

Madzi kutuluka oyera sizitanthauza kuti ndi abwino. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli malo ambiri amene madzi apansi ndi amchere, moti mjigo umakhala watsopano koma ana osamwa. M'madera ena madzi ali ndi mchere wa fluoride wochuluka, umene umadetsa ndi kuwononga mano a ana ukapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita. Kwina madzi ali ndi chitsulo chambiri, amafiiritsa nsima ndi zovala, ndipo madzi ena amadya ndodo za mjigo ngati si zachitsulo chosachita dzimbiri. Choopsa kwambiri ndi tizilombo tochokera m'chimbudzi, tomwe sitiyenera kupezeka ngakhale kamodzi m'mamililita 100 a madzi akumwa. Pachifukwa ichi madzi ayezedwe ku labotale mjigo usanaperekedwe, ayezedwenso pakati pa dzinja pomwe zimbudzi zasefukira, ndipo pepala la zotsatira likhale mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, osati mu kompyuta ya munthu wa kunja.

Tifike tsopano pa mjigo weniweniwo, popeza apa ndi pomwe pagona mfundo yanga. Afridev ndi mdzukulu wa mjigo wa Maldev umene unayesedwa kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo unapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha. Ndi sipanala imodzi ndi kachitsulo kowedzera, anthu awiri kapena atatu amatha kutsegula mutu wa mjigo, kutulutsa ndodo imodziimodzi, n'kufika pa pulanja, yomwe imakweza madzi, ndi futivavu, yomwe imaletsa madzi kubwerera pansi, popanda kuzula mapaipi. Zomwe zimatha msanga n'zazing'ono zokwana m'thumba la malaya: labala wa pa pulanja wokankha madzi, labala wozungulira wa pa futivavu, timabobini tiwiri totseka ndi kutsegula njira ya madzi, mabushi anayi apulasitiki omwe mkono umayendapo, ndi timalabala togwira ndodo kuti zikhale pakati pa paipi. Pamjigo wotanganidwa ngati wa pasukulu, izi ziyenera kuonedwa teremu iliyonse ndi kusinthidwa zisanathe. Zizindikiro zake n'zosavuta. Mjigo ukapuma theka la ola, madzi ayenera kutuluka musanajige kopitirira kasanu. Akachedwa, ndiye kuti futivavu kapena paipi ikudontha. Ndowa ya malita 20 iyenera kudzaza mukajiga mokwanira pafupifupi ka 45 kapena 50; ikafuna ka 80, labala wa pa pulanja watha. Mkono ukayamba kugwedera cham'mbali ndi kulira, mabushi apita. Tsono taonani momwe kanthu kakang'ono kamaberekera chachikulu. Mabushi akasiyidwa, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, mapini amaperepeseka, mabowo a mutu wa mjigo amakula, ndipo mapeto ake pamafunika mutu watsopano. Timalabala ta ndodo tikatha, ndodo zimakhula paipi yapulasitiki mpaka kuiboola, ndiye kuti mapaipi onse azulidwe, adulidwe, amatidwenso ndi guluu, ntchito yomwe komiti singathe popanda makaniki wa m'dera. Ana akamalendewera pa mkono ndi kuumenyetsa pansi, zonsezi zimafulumira. Ngalande yotaya madzi ikang'ambika osamatidwa, pamjigo pamakhala chithaphwi chomwe nkhumba ndi mbuzi zimasambamo, madzi akewo n'kumabwerera pansi. Mijigo yambiri yomwe yangoima m'mabwalo a sukulu, mkono uli lende, siinaphedwe ndi chilala. Inafa chifukwa panalibe munthu wotchulidwa dzina amene anali ndi udindo, sipanala ndi ndalama pa tsiku lomwe kalabala kanatha.

Otsutsa oyamba ndi aja amati wopempha sasankha. Mfundo yawo ndi yomveka: mjigo wogwira ntchito zaka ziwiri ukuposa kusowa mjigo, ndipo tikachulutsa malamulo alendo apita ku Zambia kapena ku Tanzania. N'zoona kuti zaka ziwiri za madzi abwino ndi phindu. Koma mjigo wakufa uli ndi mtengo wake umene sukulu imalipira mwakachetechete. M'mabuku a khonsolo sukuluyo imalembedwa kuti ili ndi madzi, choncho mwayi wina ukabwera umapita kwina. Chitsime chakale chomwe anthu ankachisamala chimasiyidwa n'kugumuka. Makolo amene anasonkha mchenga, miyala ndi njerwa amagwa ulesi, ndipo mukadzawaitananso ku chitukuko amabwera ochepa. Komanso sukulu siyopempha chabe ayi. Yapereka malo, yapereka nthawi ya ana, yapereka dzina lake lomwe gululo lisonkhetsere ndalama kwawo. Wopereka zonsezi ali ndi ufulu wofunsa mafunso. Gulu lomwe lingathawe chifukwa lafunsidwa kuti adzakonze mjigo ndani, ndi lomwelo likanasiya chitsulo chakufa pabwalo.

Otsutsa achiwiri ali ndi mfundo yamphamvu kuposa yoyambayi, ndipo ndiyenera kuipatsa ulemu wake. Amati tikamanena kuti matikiti a ndege a anthu khumi ochokera ku Ulaya angathe kufika pa mtengo wa mjigo wathunthu, tikuiwala kuti popanda ulendowo ndalamazo sizikanapezeka n'komwe. Munthu amasonkha chifukwa mwana wake kapena mnzake wa kutchalitchi akupita, ndipo amene wafika n'kuona ndi maso amakhala bwenzi la sukuluyo moyo wake wonse. Izi zimachitikadi, ndipo n'chifukwa chake sindili kumbali ya ofuna kuletsa maulendowa. Koma ngati phindu la ulendo ndi ubale wokhalitsa, ubalewo uoneke pa pepala la ndalama. Gulu lomwe latha kusonkhetsa za matikiti, malo ogona ndi ulendo wokaona nyama ku Liwonde kapena kukasambira ku Mangochi, silingalephere kupatula gawo la zipangizo za zaka zisanu, malipiro a makaniki oyendera mjigo katatu pachaka, ndi maphunziro a komiti. Poyerekeza ndi mtengo wokumbira, ndalama imeneyi ndi yochepa zedi. Iikidwe moganizira kuti zipangizo zambiri zimachokera kunja, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yosiyidwa kamodzi m'makwacha imasungunuka isanagwire ntchito, choncho ndi bwino kuitumiza chaka ndi chaka. Chachiwiri, ulendo utsatire ntchito, osati ntchito kutsatira ulendo. Mjigo ukumbidwe nyengo yomwe katswiri wanena, ngakhale alendo palibe. Iwo abwere chaka chotsatira kudzaona ngati ukutulutsabe madzi. Ulendo umenewo ndi umene uli ndi tanthauzo.

Achitatu amatsutsa kuchokera mbali ina. Amati kulipirira anthu zokonzera mjigo ndi kuwazoloweretsa kudalira. Mjigo ndi wa eni mudzi, asonkhe okha monga ndondomeko ya boma imanenera. Pamjigo wa m'mudzi ndikugwirizana nawo kwambiri: banja lililonse lisonkhe pamwezi, komiti isunge buku, msungichuma aziwerenga ndalama pagulu. Koma mjigo wa pasukulu uli ndi vuto lakelake, loti uli ndi eni ambiri moti ulibe mwini. A m'mudzi amati ndi wa sukulu, akonze ahedi. Ahedi amati amene amatunga kuyambira mbandakucha mpaka usiku, Loweruka ndi patchuthi pomwe, ndi a m'mudzi. Ogwiritsa ntchito ochuluka ndi ana, amene sasonkha, ndipo sayenera kubwezedwa kusukulu chifukwa cha ndalama ya mjigo. Thandizo lomwe boma limatumiza ku sukulu iliyonse kuti itukuke ndi lochepa, limachedwa, ndipo likulimbiranidwa ndi choko, malata ndi zitseko za zimbudzi. Aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo amene anaphunzira kukonza mjigo amapita ndi luso lake, nthawi zina ndi sipanala yomwe. Choncho mgwirizano uja ugawe katundu momveka: mabanja otunga pamjigo asonkhe za zipangizo zazing'ono, komiti ya mjigo ikhale ndi anthu a m'mudzi, a komiti ya sukulu ndi amayi a gulu losamalira atsikana, ndipo abwenzi akunja asenze zokonza zikuluzikulu monga mapaipi, silinda ndi mutu wa mjigo, gawo lawo likumachepa chaka ndi chaka. Uku si kulera ulesi. Ndi kupatsa komiti nthawi yoti iphunzire kuyenda isanasenze mtolo wonse.

Achinayi amadandaula za khonsolo. Amati ukadzera kwa bwanamkubwa ntchito imachedwa miyezi, misonkhano imafuna ndalama zolipira obwera, ndipo galimoto ya boma siyenda popanda mafuta ako. Madandaulo amenewa si abodza, ndipo akuluakulu a m'makhonsolo ayenera kuchita nawo manyazi pamene ali oona. Komabe kulambalala khonsolo kumabweretsa mavuto oposa amene ukuthawa. Ofesi ya zamadzi ya boma lililonse ndi yomwe imadziwa komwe ena anakumba n'kupeza dzenje louma kapena lamchere, sukulu zomwe zilibiretu madzi, ndi okumba amene anasiya mbiri yoipa. Popanda iwo, mijigo imaunjikana m'sukulu za m'mbali mwa msewu wa tala ndi pafupi ndi malo ogona alendo, pomwe sukulu ya kuseri kwa phiri ikumwa m'dambo. Lamulo la zamadzi la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, lomwe limayang'anira zokumba mijigo ndi kulembetsa okumba, ndipo mabungwe omwe si aboma nawo ali ndi lamulo lowalembetsa. Mlendo amene kwawo sangakumbe dzenje pabwalo la sukulu popanda chilolezo asaone ngati kuno ndi kosiyana. Chofunika kwambiri n'chakuti mlangizi wa zamadzi, mlangizi wa zaumoyo ndi makaniki wa m'dera ndi amene adzakhalepo alendo atapita. Mjigo umene sanauone ukukumbidwa, sadziwa kuya kwake, sadziwa pomwe silinda ili, adzaukonza mongopapasa. Njira yochepetsera chinyengo ndi kuika zonse poyera: mtengo wa wokumba, kuya komwe wafika ndi chiwerengero cha mapaipi amene alowa zilembedwe pa bolodi la sukulu, ndipo munthu wodziwa ntchito, wosalipidwa ndi wokumbayo, aime pamalopo kuwerenga paipi iliyonse. Gawo lina la malipiro lisungidwe mpaka mjigo utadutsa chilimwe chimodzi.

Palinso amene amati mjigo wojiga ndi wachikale, alendo azibweretsa za sola, thanki pamwamba ndi mipopi. Pasukulu yaikulu, masamu aja a malita 6,000 akuwavomereza, ngati dzenje lili ndi madzi okwanira. Koma funso langa limakula m'malo mochepa. Pampu ya pansi pa madzi ikapsa, kapena kabokosi koiyendetsa kakaombedwa ndi mphenzi, palibe komiti ya kumudzi yomwe ingakonze ndi sipanala, ndipo mtengo wake sungasonkhedwe pakhomo ndi pakhomo. Mapanelo amabedwa ngati palibe mpanda ndi mlonda wolipidwa. Ndiye sola ibwere pamene pali katswiri wodziwika woifikira msanga, ndipo mjigo wojiga womwe ulipo usazulidwe. Tinaphunzirapo kale pa zipangizo zokongola m'maso mwa opereka. Cha m'ma 2006 kunatchuka PlayPump, kachipangizo kozungulira komwe ana amati akamasewerapo madzi azikwera m'thanki. Kanalandira ndalama zambiri ku America, n'kuikidwa m'sukulu za m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi ndi Mozambique. Ana akatopa kapena akakhala m'kalasi, amayi ndi amene ankakazungulitsa ndi manja, ndipo kakawonongeka zipangizo zake sizinkapezeka pa sitolo ya pafupi. Malo ena kanalowa m'malo mwa mijigo yomwe inkagwira ntchito. Zokolola madzi a mvula padenga nazo zimakopa alendo ochokera kumaiko komwe mvula imagwa chaka chonse. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga imapereka lita imodzi, koma kuno mvula imasiya mu Epulo, ndipo thanki ya malita 5,000 siikwana ngakhale tsiku limodzi la sukulu ija.

Nanga mlendo achite chiyani akafika? Asalande ntchito ya mmisiri wa m'mudzi. Womanga ndi wopaka penti alipo, amafuna ganyu, ndipo khoma lake limaongoka kuposa la munthu amene wagwira chipande cha simenti koyamba. Asalowe m'kalasi kukaphunzitsa masiku asanu popanda maphunziro a uphunzitsi, kusokoneza ndondomeko ya teremu, ana n'kutsala akulira pa tsiku lotsanzikana. Asakhale yekha ndi ana, ndipo asajambule mwana popanda chilolezo cha makolo, monga momwe malamulo a sukulu za kwawo amanenera. Zomwe angachite zilipo zambiri. Akhale pansi ndi komiti n'kuona buku la ndalama. Ayende ndi makaniki, agwire ndodo pomwe akuzitulutsa, aone yekha kalabala kakutha, kuti akafika kwawo akafotokoze zoona. Athandize kuika ndowa za mpopi ndi mipondagiya pakhomo pa zimbudzi, ndi kupeza njira yoti sopo asamathe. Madzi abwino a pamjigo amaipira m'ndowa yosavundikira ndi m'kapu imodzi yomwe kalasi yonse ikuviika, choncho zotungira zotseka ndi mankhwala a klorini, odikira mphindi 30 asanamwe, n'zofunika ngati mjigo womwe. Amene ali ndi luso lenileni, monga katswiri wa madzi apansi kapena woyeza madzi, abwere kudzagwira limodzi ndi anzake a kuno. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma kalumoko kamathandiza akakhalitsa n'kuphunzira chinenero, monga amachitira ogwira ntchito mongodzipereka a Peace Corps a ku America amene anayamba kubwera mu 1963 kapena a ku Japan amene anayamba mu 1971, omwe amakhala zaka ziwiri pamalo amodzi. Mawu omwewa akupitanso kwa abale athu okhala ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku Dublin amene amasonkherana kukumbitsa mjigo pasukulu yomwe anaphunzira. Mtima wawo ndi wabwino, koma nawonso amabwera pa tchuthi cha Khirisimasi, mvula ili pakati, n'kusiya ntchito m'manja mwa msuweni amene sadziwa kusiyanitsa dzenje la mamita 25 ndi la mamita 45.

Kwa mphunzitsi wamkulu amene walandira uthenga pa WhatsApp woti gulu lina likufuna kubwera chaka chamawa, yankho loyamba lisakhale tsiku la mwambo. Aitane komiti ya sukulu, amfumu ndi mlangizi wa zamaphunziro wa m'dera, kenako alembere ofesi ya zamadzi. Afunse ngati choyenera ndi mjigo watsopano kapena kudzutsa wakale umene wangoima kuseri kwa kalasi, popeza nthawi zambiri kukonza wakufa kumatsika mtengo kwambiri, ngakhale palibe poika chikwangwani cha dzina la wopereka. Pa tsiku lopereka, asalandire mjigo popanda zinthu izi m'manja: pepala losonyeza kuya kwa dzenje ndi miyala yomwe anadutsa, zotsatira za kupopa ndi za ku labotale, sipanala ndi kachitsulo kowedzera, phukusi la malabala, mabobini ndi mabushi osinthira kawiri, nambala ya foni ya makaniki wa m'dera, dzina la sitolo yogulitsa zipangizo, ndi mgwirizano wosainidwa ndi sukulu, mudzi, khonsolo ndi alendo. Mapepalawo akhale m'mafayilo awiri, ina ku sukulu, ina kwa mlembi wa komiti ya mjigo, kuti ahedi akadzasamutsidwa wobwerayo adzapeze poyambira.